Molar Mass Ikamatuluka Yolakwika mu Labotale: Mmene Mungapezere Pamene Palakwika

Ophunzira kemisitiri akafika pa mutu wa colligative properties (makhalidwe a msakanizo amene amadalira chiwerengero cha tizidutswa tosungunukamo) amakumana ndi vuto limodzimodzi chaka ndi chaka. Malamulo aloweza, masamu achita mosamala, koma yankho limene apeza mu labotale likusiyana kwambiri ndi la m'buku. Mchere wa patebulo umene molar mass yake (magalamu a mole imodzi, mole kukhala muyeso wa chiwerengero cha tizidutswa) ndi 58.4 umatuluka 31, shuga wa 342 amatuluka 308, ndipo ena amalemba kuti madzi amchere awira pa 97 °C pamene buku likuti ayenera kupitirira 100 °C. Ambiri akaona izi amasintha manambala kuti agwirizane ndi buku, zimene zimandimvetsa chisoni, chifukwa nambala yolakwikayo ndiyo ikanawalozera pamene panali vuto.

Makhalidwe amene tikukambawa alipo anayi. Mukasungunula chinthu m'madzi kapena m'chosungunulira china chilichonse, mphamvu ya nthunzi yake imatsika, chimachedwa kuwira, chimachedwa kuundana, ndiponso msakanizowo umakoka madzi kudzera m'kachikopa kolola madzi okha kudutsa. Mphamvu ya nthunzi ndi imene mabuku amaitcha vapour pressure, ndipo kutsika kwake ndiye muzu wa kuchedwa kuwira. François-Marie Raoult, amene ankaphunzitsa ku Grenoble m'dziko la France, anaonetsa mu 1887 kuti kutsikako kumayenderana ndi gawo la tizidutswa ta chosungunuka pakati pa tizidutswa tonse ta mumsakanizo, gawo limene limatchedwa mole fraction. Mtundu wa tizidutswato, kukula kwake kapena kulemera kwake sizilowa m'nkhaniyi. Choncho thermometer yanu ikamaonetsa kusintha kwa kutentha, kwenikweni ikuwerenga chiwerengero cha tizidutswa pa kilogalamu ya chosungunulira, ndipo molar mass imabwera pambuyo pake kudzera m'masamu.

Mfundo imeneyi ndiyo poyambira kufufuza. Lamulo la kuwira ndi kuundana ndi ΔT = i × K × m, pamene ΔT ndi kusintha kwa kutentha kowirira kapena koundanira, i ndi chiwerengero cha tizidutswa timene kachidutswa kamodzi ka chosungunuka kamapereka, K ndi nambala yokhazikika ya chosungunulira, ndipo m ndi molality, kutanthauza mamole a chosungunuka pa kilogalamu ya chosungunulira. Molar mass imapezeka pogawa ndi ΔT. Ngati molar mass yatuluka yaing'ono kuposa yoyenera, ndiye kuti ΔT inakula mopitirira, kutanthauza kuti tizidutswa tinachuluka kapena chosungunulira chinachepa kuposa mmene munalembera. Ngati yatuluka yaikulu, ndiye kuti tizidutswa tinali tochepa kuposa mmene mumaganizira. Musanabwereze kuyeza, yambani mwaona mbali imene yankho lapendekera, chifukwa zoyambitsa za mbali ziwirizi n'zosiyana.

Madzi amchere akuwira asanafike pa 100 °C

Ili ndi vuto limene limaoneka kawirikawiri m'masukulu a kuno, ndipo wophunzira sanalakwitse kuwerenga thermometer. Madzi amawira pamene mphamvu ya nthunzi yake yafanana ndi mphamvu ya mpweya umene ukuwapanikiza kuchokera pamwamba. Nambala ya 100 °C ndi ya malo ofanana ndi pamwamba pa nyanja zazikulu zamchere, pamene mpweya umapanikiza ndi 101.3 kPa. Mukakwera kumtunda mpweya umachepa mphamvu, ndipo madzi amawira msanga ndi digiri imodzi pa mamita pafupifupi 300 alionse. Lilongwe ndi Blantyre ali pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000, choncho madzi abwinobwino amawira cha pakati pa 96 ndi 97 °C. Ku Dedza, kumene kuli kokwera kwambiri, amawira cha pa 95 °C, pamene ku Nsanje m'chigwa cha Shire amayandikira 100 °C.

Wophunzira wa ku Lilongwe amene wayeza msakanizo wa shuga n'kupeza 97.0 °C, kenako n'kuchotsera 100 °C ya m'buku, amapeza kuti shuga wafulumizitsa kuwira ndi madigiri atatu, zimene sizoona. Akanayamba wawiritsa madzi opanda kanthu akanapeza cha pa 96.5 °C, ndipo kusiyana kwa 0.5 °C kukanagwirizana bwino ndi buku. Njira yothetsera vutoli ndi imodzi yokha: yezani chosungunulira chopanda kanthu tsiku lomwelo, ndi thermometer yomweyo, mu chiwiya chomwecho, musanathiremo chilichonse. Kuchita zimenezi kumachotsanso cholakwika cha thermometer yeniyeniyo, popeza zambiri za m'masukulu zimaphonya ndi theka la digiri kapena kupitirira apo, koma ikaphonya mofanana pa miyeso yonse iwiri cholakwikacho chimatha pochotsera. Musagwiritse ntchito muyeso umene gulu lina linapeza dzulo, chifukwa mphamvu ya mpweya imasintha ndi nyengo. Kukwera kwa malo sikusintha kwenikweni kutentha kumene madzi amaundanira, komabe muyeso wa madzi opanda kanthu ukufunika ngakhale pamenepo chifukwa cha thermometer ija.

Madzi amene mukuyezera akhale otchezedwa. Madzi a pamjigo m'madera ena amakhala ndi mchere wawo kale, ndipo kuchuluka kwake kumasiyana chitsime ndi chitsime.

Kusiyana sikukuoneka n'komwe

Pali zifukwa ziwiri zimene zimachititsa kuti madzi opanda kanthu ndi msakanizo zionetse nambala yofanana. Choyamba ndi malo a thermometer. Pa phunziro la kutcheza mumaphunzitsidwa kuika mutu wa thermometer mu nthunzi, pamwamba pa madzi, ndipo kumeneko n'koyenera. Koma nthunzi yochokera m'madzi a shuga kapena amchere ndi madzi okhaokha, popeza shuga ndi mchere zimatsalira pansi, ndipo nthunziyo ikamasanduka madontho pa galasi la thermometer imaonetsa kutentha kwa madzi opanda kanthu. Pofuna kuyeza kuchedwa kuwira, mutu wa thermometer umire wonse mumsakanizo, koma usakhudze pansi pa chiwiya pamene pakuwomba moto.

Chachiwiri n'chakuti kusinthako n'kochepa kuposa mmene anthu ambiri amaganizira. Pa madzi, K ya kuwira ndi 0.512, pamene ya kuundana ndi 1.86, zonse pa mole imodzi ya tizidutswa mu kilogalamu imodzi ya madzi. Mukathira magalamu 10 a mchere mu lita imodzi ya madzi, kuwira kumachedwa ndi kachigawo kosafika 0.2 °C, kamene thermometer yolembedwa mizere ya digiri imodzi imodzi singakaone. Ichi ndicho chifukwa Ernst Beckmann anapanga thermometer yake yapadera, imene imayeza madigiri ochepa okha koma mizere yake imasiyana ndi 0.01 °C.

Ngati labotale yanu ilibe chida chotere, sankhani njira imene imapereka kusintha kwakukulu. Tengani magalamu 3.0 a urea, amene molar mass yake ndi 60, m'magalamu 50 a madzi. Poyeza kuundana muyembekezera 1.86 °C, ndipo mukaphonya ndi 0.2 °C yankho lanu likhala pakati pa 54 ndi 67. Poyeza kuwira muyembekezera 0.51 °C, ndipo kuphonya komweko kukupatsani chilichonse kuyambira 43 mpaka 99. Ine ndimalangiza kuyeza kuundana nthawi zonse pamene ayezi alipo. Ngati chinthu chimene mukuyeza chimasungunuka mu cyclohexane, K yake ya kuundana ndi pafupifupi 20 ndipo amaundana cha pa 6.5 °C, choncho ayezi wamba amakwanira popanda mchere, koma mumutalikitse ndi moto chifukwa amayaka msanga. Mabuku akale amatchula benzene kwambiri, koma iyeyo amayambitsa khansa ndipo sayenera kupezeka pa tebulo la ophunzira.

Molar mass yatuluka yaing'ono

Ngati yankho lili pafupi ndi theka la loyenera, kapena gawo limodzi mwa magawo atatu, ganizirani za kugawanika kwa chosungunukacho musanaganizire china chilichonse. Shuga, glucose ndi urea zikasungunuka zimakhalabe zathunthu, koma mchere wa patebulo, NaCl, umagawanika kukhala ma ion (tizidutswa tokhala ndi mphamvu ya magetsi) awiri, ndipo CaCl2 imapereka atatu. Jacobus van 't Hoff, amene analandira mphoto yoyamba ya Nobel ya kemisitiri mu 1901, anaika nambala ya i m'lamulo lake kuti ikonze kusiyana kumeneku, ndipo Svante Arrhenius ndiye anafotokoza kuti kusiyanako kumachokera ku ma ion. Wophunzira amene wapeza 31 pa mchere wa patebulo wayeza bwino kwambiri, kungoti waiwala i.

Mungafunse chifukwa chake yankho lili 31 m'malo mwa 29.2, amene ndi theka lenileni la 58.4. Ma ion otsutsana amakokana, choncho sayenda momasuka ngati tizidutswa toima patokha. Pa 0.1 mol/kg, i ya NaCl yoyezedwa ndi pafupifupi 1.87, ndipo imayandikira 2 pokhapokha msakanizo ukasukuluka kwambiri. Pa MgSO4, imene ma ion ake ali ndi mphamvu yokokana yaikulu, i pa mulingo womwewo ndi cha pa 1.2 chabe, ngakhale pa pepala iyenera kukhala 2. Pa mafunso a mayeso gwiritsani ntchito nambala yathunthu pokhapokha funso litapereka ina, koma mu lipoti la labotale lembani i imene mwapeza ndipo mufotokoze chifukwa chake yachepa.

Ngati yankho lachepa ndi gawo laling'ono chabe ndipo chinthucho sichigawanika, onani ngati chosungunulira chinathawa. Mukawiritsa magalamu 100 a madzi mu beaker yosatseka kwa mphindi zingapo podikira kuti nambala ikhazikike, magalamu 10 atha kuuluka mosavuta. Shuga yense akadali momwemo koma madzi atsala magalamu 90, ndipo masamu anu akugwiritsabe ntchito 100, choncho 342 amatsikira ku 308. Chizindikiro cha vutoli n'chakuti nambala ya pa thermometer imangokwera pang'onopang'ono osaima. Lumikizani condenser yobwezera madzi m'chiwiya, kapena pimani chiwiyacho pa sikelo musanawiritse ndiponso mutangomaliza kuwerenga, kuti mugwiritse ntchito kulemera kwenikweni kwa madzi otsala. Thiranimo tizidutswa ta mbale yadothi yosweka kapena boiling chips kuti madzi asatenthe mopitirira asanayambe kutulutsa thovu, chifukwa kutentha kopitirirako nakonso kumakulitsa ΔT.

Pa kuundana, vuto lofanana nalo limabwera mwanjira ziwiri, ndipo apa ndi pamene pamafunika kuleza mtima kwambiri. Madzi ozizira mwakachetechete amatha kutsika kupyola pamene ayenera kuundanira osapanga ayezi ngakhale pang'ono. Kenako ayezi amayamba mwadzidzidzi, kutentha kumene kumatuluka poundana kumakweza thermometer, ndipo nambala imalumpha kubwerera m'mwamba. Wophunzira amene walemba nambala yotsikitsitsa ija ngati poundanira amapeza ΔT yaikulu kwambiri. Nambala yoyenera ili pafupi ndi pamwamba pamene thermometer yafika itangolumpha. Njira yachiwiri n'jakuti ayezi amene akupangidwa ndi madzi okhaokha, ndipo akamachuluka, madzi otsala amakhala ndi chosungunuka chambiri. Ndicho chifukwa madzi opanda kanthu amaima pa nambala imodzi mpaka onse ataundana, pamene msakanizo umapitirira kutsika. Amene amadikira kuti nambala iime ngati mmene inaimira pa madzi opanda kanthu amalemba mochedwa, theka la chosungunulira litasanduka kale ayezi.

Pothana ndi zonse ziwirizi, werengani thermometer pa masekondi 30 alionse ndipo mujambule graph ya kutentha ndi nthawi. Mupeza mzere wotsika mwachangu poyamba, kenako mzere wotsika pang'onopang'ono ayezi atayamba. Talikitsani mzere wachiwiriwo chobwerera m'mbuyo mpaka ukumane ndi woyamba, ndipo pamene yakumanirapo ndipo poundanira penipeni. Takasani mosalekeza koma mofatsa. Onaninso kuzizira kwa ayezi wanu wa panja, chifukwa ayezi wophwanya wosakaniza ndi mchere wambiri amatha kufika cha pa −21 °C, kumene n'kuzizira kopitirira muyeso pa msakanizo woundana pa −2 °C. Chepetsani mchere kuti kuzizirako kupose poundanira ndi madigiri ochepa okha, ndipo ikani test tube yanu mkati mwa ina yokulirapo kuti mpweya wa pakati pake uchedwetse kuzizira ndiponso ayezi asamatirire m'mbali mwa galasi.

Molar mass yatuluka yaikulu

Yambani ndi kuyang'ana m'chiwiya. Ngati pansi pali timibulu tosasungunuka, kapena ufa wina unakanirira pa pepala lopimira ndi m'mbali mwa test tube, magalamu amenewo muwawerengera m'masamu koma sanapereke tizidutswa mumsakanizo. Zinthu zina zimasungunuka bwino pa kutentha kwa m'chipinda koma zimabwereranso kukhala timibulu zikazizira, choncho yang'ananinso pamene kuzizira kwayandikira poundanira.

Kenako ganizirani za chinyezi. Aliyense amene anasungapo mchere m'nyengo ya dzinja amadziwa mmene umanyowera, ndipo chimene chimachititsa ndi kutsika kwa mphamvu ya nthunzi komwe tikukambaku. Madzi odzaza ndi mchere ali ndi mphamvu ya nthunzi yokwana pafupifupi 75 peresenti ya madzi opanda kanthu, choncho chinyezi cha mumpweya chikapitirira pamenepo, mcherewo umayamba kukoka madzi. CaCl2 imachita zimenezi mofulumira kwambiri, mwakuti imatha kunyowa ili pa sikelo. Mukapima chinthu chonyowa, gawo lina la kulemerako ndi madzi. Umitsani chinthucho mu uvuni ngati chimapirira kutentha, chisungeni mu desiccator (chiwiya chotseka choteteza ku chinyezi), ndipo pimani mwachangu. Werenganinso chizindikiro cha pa botolo, chifukwa CaCl2 youma ili ndi molar mass ya 111 pamene CaCl2·2H2O ili ndi 147, ndipo wosokoneza ziwirizi amapeza ΔT yochepa ndi pafupifupi kota.

Ngati yankho lili pafupi kuwirikiza kawiri ndipo chosungunulira si madzi, n'kutheka kuti tizidutswa tagwirana tiwiritiwiri. Benzoic acid, ya molar mass 122, imaoneka ngati ya pafupifupi 244 mu benzene, ndipo acetic acid ya 60 imayandikira 120, chifukwa ma hydrogen bond amamanga mamolekyu awiri kukhala kachidutswa kamodzi. Apa palibe chokonza pa kuyeza kwanu, koma lipoti lifotokoze kuti i ili pafupi ndi 0.5.

Zolakwika za pa pepala

Lamulo la Raoult ndilo limasokoneza kwambiri, chifukwa lokhalo limafuna mole fraction pamene kuwira ndi kuundana zimafuna molality. Titenge magalamu 34.2 a shuga m'magalamu 100 a madzi pa 25 °C, pamene mphamvu ya nthunzi ya madzi ndi 3.17 kPa. Shugayo ndi mamole 0.100, madzi ndi mamole 5.55, ndipo pamodzi ndi 5.65. Mole fraction ya shuga ndi 0.0177, choncho mphamvu ya nthunzi imatsika ndi 0.056 kPa n'kukhala 3.11 kPa. Amene waika molality ya 1.0 m'malo mwa mole fraction amapeza kuti yatsika ndi 3.17 kPa yonse, kutanthauza kuti madzi a shugawo sangaume mpaka kalekale, ndipo yankho lotere liyenera kumudzidzimutsa asanapitirire. Amene wagawa magalamu m'malo mwa mamole amapeza 0.81 kPa. Amene wachulukitsa ndi mole fraction ya madzi amapeza 3.11 kPa, imene ndi mphamvu ya nthunzi yatsopano, koma amaipereka ngati kutsika kwake. Werengani funso kawiri kuti muone ngati likufuna mphamvu yotsala kapena kuchuluka kwa kutsikako.

Pa mchere, chulukitsani mamole ndi i musanapeze mole fraction, kuti ma ion alowe pamwamba ndi pansi pomwe. Magalamu 5.85 a NaCl m'madzi omwewo ndi mamole 0.200 a ma ion pa mamole onse 5.75, zimene zimapereka 0.0348 ndi kutsika kwa 0.11 kPa.

Pa molality, gawani ndi makilogalamu a chosungunulira chokha. Mu chitsanzo cha shuga chija, wogawa ndi magalamu 134.2 a msakanizo wonse amapeza 0.745 mol/kg ndi ΔT ya kuundana ya 1.39 °C m'malo mwa 1.86 °C. Onetsetsaninso kuti K ndi ya chosungunulira, osati ya chosungunuka, ndiponso kuti simunatenge ya kuwira pa funso la kuundana.

Chosungunuka chimene nacho chimauluka

Zonse zimene tanena za kutsika kwa mphamvu ya nthunzi ndi kuchedwa kuwira zimagwira pa chosungunuka chosauluka. Mukathira ethanol m'madzi, msakanizowo umawira msanga kuposa madzi opanda kanthu, popeza ethanol amawira cha pa 78 °C ndipo amaonjezera nthunzi yakeyake. Otcheza kachasu amadalira khalidwe lomweli, kuti nthunzi yoyamba kutuluka ikhale ndi mowa wambiri kuposa wa mumphika. Pa misakanizo yotere muyenera kuwerengera mphamvu ya nthunzi ya chinthu chilichonse payokha, mole fraction kuchulukitsa ndi mphamvu yake chili chokha, kenako n'kuphatikiza. Ngakhale mutatero, madzi ndi ethanol amapereka nthunzi yambiri kuposa imene lamulo la Raoult likulosera, pamene acetone ndi chloroform zimapereka yochepa chifukwa mamolekyu ake amakokana kwambiri akasakanizika. Ngati mukufunadi molar mass ya chinthu chouluka, yezani kuundana, popeza kumeneko chofunika n'chakuti chinthucho chisalowe mu ayezi basi.

Palinso zinthu zimene thermometer singathandize ngakhale mutasamala bwanji. Haemoglobin, puloteni ya m'magazi, ili ndi molar mass ya pafupifupi 64,500, ndipo magalamu 10 mu lita ya madzi amachedwetsa kuundana ndi 0.0003 °C yokha. Msakanizo womwewo umakoka madzi ndi mphamvu yokwanira kuwakweza masentimita pafupifupi anayi mu kachubu, amene mungawayeze ndi rula wamba. Choncho pa mapuloteni ndi ma polymer gwiritsani ntchito mphamvu yokoka madzi imeneyi, imene mabuku amaitcha osmotic pressure, π = i × M × R × T. Apa M ndi mamole pa lita ya msakanizo, osati pa kilogalamu ya madzi, R ndi nambala yosasintha yotchedwa gas constant, ndipo T, kutentha, iyenera kukhala mu kelvin. Madzi amchere a 0.9 peresenti amene amaikidwa m'diripu kuchipatala amapereka pafupifupi 7.8 atm pa kutentha kwa thupi mukagwiritsa ntchito 310 K ndi R ya 0.0821, koma mukalemba 37 m'malo mwa 310 mupeza nambala yosafika 1 atm, ndipo mukatenga R ya 8.314 muyenera kusintha M kukhala mamole pa cubic metre kuti yankho lituluke mu pascal.